Mafunso ndi Mayankho: Kusankha Galamafoni Yopanda Lamba

WOULUTSA: Makalata a sabata ino ambiri akukamba nkhani imodzi. Mbale za nyimbo zija tinkati zinapita ndi nthawi yake zayambanso kutuluka m'masutikesi, ndiye anthu akufuna galamafoni yabwino yoyimbirapo. Muno ndili ndi bambo amene ntchito yawo ndi yokonza mawailesi, maampulifaya ndi magalamafoni. Takulandirani, bambo.

MMISIRI: Zikomo kwambiri, mayi. Moni kwa onse amene akutimvera.

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Zomba. Akuti, "Malemu bambo anga anandisiyira katoni ya mbale. Nditafunsa za galamafoni, wogulitsa anandifunsa ngati ndikufuna ya lamba kapena ya direct-drive, ine kukamwa kunangoti yasa. Kusiyana kwake n'kotani?"

MMISIRI: Bambo a ku Zomba, nkhani yonse yagona pa mmene mota imazungulitsira pulata, chitsulo chozungulira chija chimene timagonekapo mbale. Pa galamafoni ya lamba, mota imakhala pambali, ndipo kalamba ka labala ndi kamene kamakoka pulata. Pa ya direct-drive palibe lamba. Mota ili pansi penipeni pa pulata, pakatikati, moti mota ikazungulira kamodzi, pulata yazunguliranso kamodzi.

Luso limeneli linachokera ku Japan. Injiniya wa kampani ya Matsushita, imene lero timaidziwa kuti Panasonic, dzina lake Shuichi Obata, ndiye anatsogolera ntchitoyi, ndipo galamafoni yoyamba ya mtunduwu kufika pamsika inali Technics SP-10. Mu 1972 kunatuluka SL-1200, kenako mu 1979 SL-1200MK2, imene inali ndi kachipangizo ka quartz koyang'anira liwiro. Kachipangizoka kamafanana ndi ka mu wotchi ya batire. Kamayeza kazunguliridwe ka pulata mosalekeza, ndipo liwiro likangosuntha pang'ono, kamalibwezera pamalo pake.

Phindu lake kwa inu ndi lapawiri. Choyamba, mbale yaikulu iyenera kuzungulira ka 33 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pa mphindi, yaing'ono ka 45, ndipo direct-drive yabwino siphonya pamenepa. Chachiwiri, lamba amatambasuka ndi kutentha, amauma, nthawi zina amasungunuka n'kumata ngati phula, ndiye kupeza wa muyezo wake kuno kwathu ndi ntchito. Mukagula yopanda lamba, vuto limenelo mwathana nalo.

WOULUTSA: Yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Lilongwe. Akuti, "Anzanga akundiuza kuti direct-drive ndi ya ma DJ basi, ndipo kunjenjemera kwa mota kumalowa mu nyimbo. Ine ndikungofuna kumamvera ndili phee pampando. Kodi ndisaigule?"

MMISIRI: Achimwene, anzanuwo agwira nkhani kumchira. SL-1200 inapangidwira anthu omvera nyimbo kunyumba. Ma DJ, makamaka a ku Bronx mu mzinda wa New York kumene hip hop inayambira, anachita kuitola chifukwa mota yake ndi yamphamvu: ukaigwira mbale ndi dzanja n'kuisiya, imabwerera pa liwiro lake nthawi yomweyo. MK2 imafika pa liwiro lonse sekondi isanakwane.

Za kunjenjemerazo, chilungamo chake ndi chakuti zilipo, koma zimamveka pa magalamafoni otchipa, a mota yofooka ndi pulata yopepuka. Mota yotere imazungulira modumphadumpha pang'ono, ndipo mumazimva pa piyano kapena pa mawu a woyimba akakoka nthawi yaitali, amamveka ngati akugwedezeka. Pa galamafoni yopangidwa bwino khutu silingazitole. Technics itasiya kupanga SL-1200 mu 2010 n'kuyambiranso mu 2016, inabwera ndi mota yatsopano yopanda chitsulo pakati pa mawaya ake, cholinga chake kuthetseratu kudumphako.

Ndiye inu amene mukufuna kumvera chabe, musataye ndalama pa mphamvu ya mota, timagetsi tothwanima kapena batani loyendetsa mbale chobwerera. Pa pepala la galamafoniyo funani pamene alemba wow and flutter, umene ndi muyezo wa kugwedezeka kwa liwiro. Nambala ikachepa ndiye bwino. Ikakhala 0.1 peresenti kapena kutsika apo, muli pabwino. Kenako inyamuleni. Yolemera imakana kunjenjemera kochokera ku masipika ndi mapazi a anthu. SL-1200MK2 imapitirira makilogalamu 12.

WOULUTSA: Mayi ena atilembera ali ku Johannesburg. Akuti, "Kuno m'masitolo zilipo zambirimbiri. Tanditchulireni mayina, ndipo mundiuze choyang'ana ndisanapereke ndalama."

MMISIRI: Mayi, mayina nditchula, koma ndiyambe ndi chachikulu. Anthu ambiri amaloza maso onse pa mota, chonsecho chimene chimakhudza mbale yanu ndi singano, ndipo chonyamula singanoyo ndi mkono. Mota yabwino yokhala ndi mkono wachabechabe idzakuwonongerani mbale. Choncho onani zinthu zitatu. Kumbuyo kwa mkono kukhale chitsulo chozungulira chokhala ndi manambala, chosinthira kulemera kwa singano. Pambali pake pakhale kabatani kolembedwa anti-skate, kamene kamaletsa mkono kuthamangira pakati pa mbale. Chachitatu, katiriji, kabokosi kaja kokhala ndi singano, ikhale yomangidwa ndi timasikuluwu tiwiri, kuti tsiku lina mudzathe kuichotsa n'kuikapo ina.

Tsopano mayina. Kwa woyamba kumene, Audio-Technica AT-LP120XUSB ndi yodziwika bwino. Imabwera ndi katiriji ya AT-VM95E, imayimba 33, 45 ndi 78, ndipo singano zake zimapezeka mosavuta. Thumba likalola, Technics SL-1500C anaipangira womvera kunyumba, imabwera ndi katiriji ya Ortofon 2M Red, ndipo mbale ikatha imanyamula yokha mkono. Pamwamba pake pali SL-1200GR. Pioneer PLX-1000 ndi yolimba kwambiri, koma dziwani kuti imabwera yopanda katiriji, ndiye muwerengeretu ndalama imeneyo. Zimene ndikukuletsani ndi tija tokhala ngati kasutikesi, ta masipika m'kati momwemo. Singano yake imapondereza mbale kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa muyezo wabwino, ndipo palibe posinthira.

WOULUTSA: Iyi ndi ya bambo a ku Blantyre. Akuti, "Ndapeza galamafoni ya kaunjika yochokera ku Japan, ya Technics, mtengo wake wabwino. Ndingaidziwe bwanji ngati ili moyo?"

MMISIRI: Bambo, choyamba musaiike kumagetsi musanawerenge kachikwangwani kakumbuyo. Magetsi a ku Japan ndi mavoti 100, a ku America 120, pamene athu kuno ndi 230. Ikalembedwa 100V basi, inu n'kuilumikiza kukhoma, mungomva fungo la kupserera. Imeneyo imafuna thiransifoma yotsitsa magetsi. Zina zili ndi kabatani kosinthira mavoti, kumbuyo kapena pansi pa pulata. Zochokera ku Britain ndi ku South Africa zilibe vutoli, magetsi awo ndi ofanana ndi athu.

Apa direct-drive ya quartz ilinso ndi ubwino wina. Magalamafoni ambiri akale a lamba amatenga liwiro lawo ku kayendedwe ka magetsi a kukhoma, ndiye ya ku America ikabwera kuno imayimba mochedwa, ndipo pa jenereta liwiro limasinthasintha. Ya quartz imadziyezera yokha.

Tsopano kuiyesa. Isanayake, zungulitsani pulata ndi chala, tcherani khutu. Iyende mwakachetechete, osakhula kapena kukwecha. Gwadani kuti diso lifanane ndi m'mphepete mwa pulata, muone ngati ikukwera ndi kutsika. Mukaiyatsa, yang'anani timadontho ta m'mphepetemo pamene pakuwala kagetsi kofiira. Mzere umodzi wa timadontho uyenera kuoneka ngati waima chilili, pulata ikuzungulira. Tikamayenda pang'onopang'ono kapena kugwedezeka, liwiro lili ndi vuto. Kenako gwirani mkono ndi zala ziwiri pafupi ndi pamene wamangidwira, muukankhe pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kuti khwekhwe, mabeyaring'i ake atha, ndipo kukonza kwake n'kodula. Pomaliza imbani mbale, mumve ngati masipika onse awiri akutulutsa mawu. Singano yokhayo musaiwerengere, mugule yatsopano, chifukwa simukudziwa kuti yayenda mtunda wotani. Magetsi a kwathu kuno amati akathima n'kubwera mwamphamvu, choncho muigulirenso chotetezera ku magetsi obwera mopyola muyezo.

WOULUTSA: Tiwoloke malire. Bambo a ku Chipata akuti, "Ndili ndi mbale za WITCH ndi magulu ena akale a kuno ku Zambia. Ndagula galamafoni yabwino, koma mawu akutuluka otsika kwambiri, opanda besi, komanso pakumveka kulira kwa mmmm. Kodi andigulitsa yowonongeka?"

MMISIRI: Ayi bambo, mwina ili bwinobwino. Mphamvu yotuluka mu katiriji ndi yochepetsetsa, mamilivoti atatu mpaka asanu basi. Komanso podinda mbale amachepetsa dala besi n'kukweza mawu opyapyala, kuti timizere tisatenge malo aakulu. Ndondomeko imeneyi imatchedwa RIAA, ndipo inakhazikitsidwa mu 1954. Ndiye pamafunika chipangizo chokweza mphamvuyo n'kubwezeretsa besi. Yang'anani kumbuyo kwa ampulifaya yanu. Ngati pali mabowo olembedwa PHONO, lowetsani pamenepo. Ngati palibe, onani ngati galamafoniyo ili ndi kabatani ka PHONO ndi LINE, muike pa LINE. Zonse ziwiri zikasowa, gulani kabokosi kotchedwa phono preamp, muike pakati. Koma musaike pa LINE n'kulowetsanso pa PHONO, mawu adzaphulika n'kumamveka mosweka.

Kulira kwa mmmm kuja, funani kawaya kakang'ono kopyapyala kamene kamayenda limodzi ndi mawaya ofiira ndi oyera. Kamangireni pa sikuluwu yolembedwa GND kumbuyo kwa ampulifaya. Nthawi zambiri phokosolo limatheratu pomwepo. Ndiponso musaike galamafoni pashelefu imodzi ndi masipika.

WOULUTSA: Yomaliza ndi ya agogo ena a ku Dedza. Akuti, "Singano ikamalumpha, kale tinkangoika ndalama yachitsulo pamutu pa mkono. Mdzukulu wanga akundiletsa. Alakwa ndani? Ndilinso ndi mbale zolemera zija za 78."

MMISIRI: Agogo, ndikupepesa, koma apa mdzukulu wanu walondola. Singano ya masiku ano ndi kadontho ka dayamondi, ndipo imafuna kulemera kwa magalamu awiri okha kapena kuchepera pang'ono. AT-VM95E imafuna magalamu 2, pamene 2M Red imafuna 1.8. Ndalama ija imapinda singano n'kukumba timizere. Konzani chonchi: galamafoni ikhale pamalo osapendekeka. Ikani anti-skate pa 0. Zungulitsani chitsulo cha kumbuyo mpaka mkono utayandama wokha, osakwera osatsika. Mutagwira chitsulocho kuti chisasunthe, tembenuzani kamphete ka manambala kokha kafike pa 0. Kenako zungulitsani chitsulo chonse mpaka pa 2, anti-skate nayo pa 2. Ikalumphabe, ndiye kuti mbale ndi yalitsiro, yopindika, kapena singano yatha. Singano imatha pakati pa maola 300 ndi 1000, malinga ndi mtundu wake.

Za 78 zija, galamafoni ikhale nalo liwirolo, komanso mugule singano yakeyake, chifukwa timizere take ndi totakata. Musazipukute ndi sipiriti, imasungunula mbale zimenezo. Ndipo mbale zonse muzisunga choimika, m'zikuto zake, kutali ndi dzuwa.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, bambo. Mawu amodzi kwa amene akupita kukagula mawa?

MMISIRI: Asathere ndalama yonse pa galamafoni. Asungeko ina ya singano yatsopano, kaburashi kopukutira mbale, ndi phono preamp ngati ikufunika. Ndipo popita kusitolo atenge mbale yawo imene amaidziwa bwino, makamaka ya piyano kapena ya kwaya, akaiyimbe pomwepo asanalipire. Wogulitsa akakana kuti muyese, bwererani ndi ndalama zanu.

WOULUTSA: Omvera, pitirizani kutilembera, ndipo amene makalata anu sitinawawerenge lero musadandaule, tidzayamba ndi inu sabata yamawa.