MUTU 11: KUPHUNZITSA KULEMBA LIPOTI KUPYOLERA M'NKHANI YA MSILIKALI WOYANG'ANIRA MTENDERE

11.1 Mau oyamba

Mwa mitundu ya cimangirizo imene mwana wa m'Giredi 6 ndi 7 ayenera kudziwa, lipoti ndilo limavuta koposa. Nthano mwana amaimva kwa agogo ake, ndipo kalata amaiona ikulembedwa panyumba. Koma lipoti limafuna mwambo umene munthu sabadwa nao, ndiwo kulekanitsa cimene waona ndi maso ake, cimene wauzidwa ndi ena, ndi cimene angoganiza mumtima. Zitatuzi zikasakanikirana, lipoti limasanduka mphekesera, ndipo mphekesera zapasula mabanja ndi kumangitsa anthu osalakwa.

M'mutu uno tidzaona umo mungaphunzitsire luso limeneli pogwiritsa nchito moyo wa munthu amene nchito yake yonse inali kuona ndi kulemba, ndiye msilikali wotumidwa ndi bungwe la United Nations kukayang'anira pangano loleka nkhondo m'dziko lakutali.

11.2 Zolinga

Pakutha pa mutu uno muyenera kukhoza:
(a) kufotokoza nchito ndi moyo wa tsiku ndi tsiku wa msilikali woyang'anira mtendere;
(b) kusonyeza mau a m'Cinyanja amene amalekanitsa zoonedwa ndi maso, zakumva ndi zongoganiza;
(c) kukonza phunziro la kulemba lipoti loyenera ana a m'Giredi 6 kapena 7.

11.3 Zimene mphunzitsi ayenera kudziwa

Asilikali amene bungwe la United Nations limatuma kukasungitsa mtendere ali a mitundu iwiri. Ena amapita m'magulu akuluakulu ndipo amanyamula mfuti, monga gulu la asilikali a Zambia limene linatumikira ku Mozambique m'zaka za 1993 ndi 1994. Ena ndi maofisala amene amapita owerengeka kucokera m'dziko lililonse, ndipo mwa mwambo wao sanyamula cida. Awa ndiwo oyang'anira amene tikunena. Gulu lao loyamba linakhazikitsidwa mu 1948 ku Palestine.

Citsanzo cathu ticitenga ku malire a Iran ndi Iraq. Maiko awiriwa anamenyana kuyambira mu Seputembala 1980, ndipo mfuti zinaleka kulira pa 20 Ogasiti 1988. Pofuna kuti nkhondo isabukenso, bungwe la United Nations linatuma gulu lochedwa UNIIMOG, la oyang'anira pafupifupi 350 ocokera m'maiko oposa 20. Pakati pao panali maofisala a Zambia. Mtsogoleri wao woyamba anali Major-General Slavko Jović wa ku Yugoslavia, ndipo malikulu ao anali awiri, lina ku Baghdad ndi lina ku Tehran. Malire amene anali kuyang'anira anali otalika makilomita pafupifupi 1,400, kucokera kumapiri a kumpoto kufikira kumadambo a kumwera ndi mtsinje wa Shatt al-Arab. Nchito imeneyi inatha mu Febuluwale 1991.

11.4 Nkhani yowerenga: Tsiku la woyang'anira

Woyang'anira anali kudzuka mbandakuca. Malo amene anali kukhala anali kanyumba kapena msasa wa pafupi ndi malire, pamodzi ndi anzake owerengeka ocokera m'maiko osiyanasiyana. Wina anali wa ku Ireland, wina wa ku India, wina wa ku Uruguay. Cinenero ca nchito cinali Cingerezi, koma yense anali kucilankhula ndi lilime la kwao, motero anaphunzira kulankhula pang'onopang'ono ndi kubwereza mau ofunika.

Nchito yoyamba inali kuyesa wailesi yolankhulirana, kuti atsimikize kuti likulu likuwamva. Kenaka anali kuona galimoto lao loyera: mafuta, madzi, matayala ndi mbendera ya buluu. M'cikwama anali kuikamo mapu, kampasi, magalasi oonera patali, kabuku ndi pensulo. Atavala cipewa ca buluu, ananyamuka.

Paulendo anali kuyenda awiriawiri, pamodzi ndi ofisala woperekeza wa dziko limene analimo. Sanali kupatuka m'njira yopondedwa kale, pakuti nthaka inali yodzala ndi mabomba okwirira pansi ndi zipolopolo zosaphulika. Kumwera, cakufupi ndi mzinda wa Basra, dzuwa la m'cilimwe linali kutentha mpaka citsulo ca galimoto cosakhudzika ndi dzanja, ndipo m'madambo anali kuyenda pa boti. Kumapiri a kumpoto kunali cisanu coopsa. Kumene galimoto silinali kufika anali kukwera nyulu kapena kuyenda pansi, ndipo nthawi zina helikoputa ndiyo inali kuwanyamula.

Akafika pamalo oonekera, anali kuima ndi kupenya kwa nthawi yaitali. Kodi ngalande iyo inalipo dzulo? Kodi waya waminga uja wasendera kutsogolo? Kodi akasinja ali angati lero? Zonse anali kuzilemba, pamodzi ndi ola ndi malo ake pamapu. Masiku ambiri panalibe cacilendo, koma naconso anali kucilemba. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pambuyo pake anali kukaceza ndi mkulu wa asilikali a pamalopo. Anali kulandiridwa ndi tiyi, ndipo nkhani zinali kudzera mwa womasulira, cifukwa eni dziko anali kulankhula Ciarabu, Ciperisiya kapena Cikurdi. Kawirikawiri mkuluyo anali ndi dandaulo: adani aombera usiku, kapena amanga linga latsopano. Woyang'anira anali kumvetsera mwaulemu ndi kulemba dandaulolo monga analimvera. Kenaka anali kudziwitsa anzake a tsidya lina la malire pa wailesi, kuti akaone ngati zinalidi tero. Nthawi zina magulu awiriwo anali kukomana pakati, pamalo opanda mwini. Masiku ena nchito inali yacisoni, pamene anali kuthandiza mbali ziwirizo kubwezerana mitembo ya asilikali amene anafera kunkhondo.

Madzulo, asanapumule, anali kukhala pansi ndi kulemba lipoti la tsikulo. Anali kusankha liu lililonse mosamala, podziwa kuti lipotilo lidzakwera kufikira kulikulu, ndipo zina za m'menemo zidzafika ku New York. Lipoti lonama likanakhoza kuutsanso nkhondo. Lipoti loona linali kucotsa mantha. Atatha kudya, mmodzi anali kutsala pa wailesi usiku wonse. Ena anali kulemba makalata opita kwao, pakuti masiku amenewo foni ya m'manja inali isanafale, ndipo yankho linali kucedwa milungu.

11.5 Kumasulira dzina la nchito

Musanawerengetse nkhaniyi, thandizani ana kumvetsa kuti munthuyu ndani. Lembani pabolodi maina atatu awa: mlonda, kazitape, mboni. Funsani ana kuti ndi liti limene limuyenera. Mlonda amateteza cuma ndipo amathamangitsa mbala. Woyang'anira analibe mphamvu yoletsa aliyense. Kazitape amazonda mobisa ndipo amatumikira mbali imodzi. Woyang'anira anali kuyenda poyera, m'galimoto loonekera patali, ndipo mbali zonse ziwiri zinavomereza kubwera kwake. Dzina limene limuyandikira ndi mboni. Ana amadziwa mboni ya pabwalo la mfumu, ndipo amadziwa kuti mboni yokondera imaononga mlandu. Apa mungachule mwambi wakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndi kufunsa cifukwa cake anthu odana amakhulupirira munthu wocokera kutali.

11.6 Mfundo za cinenero

(a) Nthawi ya mneni. Nkhani yathu ikufotokoza zimene zinali kucitika tsiku ndi tsiku kale, motero yagwiritsa nchito anali ku-, monga anali kudzuka, anali kulemba. Ana ena adzanena ankadzuka, ankalemba. Tanthauzo ndi limodzi, ndipo musawadzudzule. Koma lipoti limanena za cinthu cimene cinacitika kamodzi, pa nthawi yodziwika, motero limafuna -na-: tinafika, tinaona, tinawerenga. Mwana ayenera kumva kusiyana kumeneku asanayambe kulemba.

(b) Gwero la nkhani. Cinyanja cili ndi mau okwanira osonyeza kumene wolankhula watenga nkhani yake. Taonani ziganizo izi:

1. Tinaona akasinja atatu pafupi ndi mlatho.
2. Mkulu wa asilikali anatiuza kuti kunalira mfuti usiku.
3. Akuti kunalira mfuti usiku.
4. Zioneka kuti ngalandeyo inakumbidwa posacedwa.
5. Adani anaombera dala usiku.

Ciganizo coyamba ndi ca zoonedwa ndi maso. Caciwiri ndi ca zakumva, ndipo mwini mau wachulidwa. Cacitatu naco ndi ca zakumva, koma liu lakuti akuti labisa mwini mau. M'maceza limaloledwa, koma m'lipoti limafooketsa umboni. Cacinai ndi ca zongoganiza, ndipo wolemba waulula poyera kuti akuganiza cabe. Mau ena a mtundu uwu ndi mwina, kapena ndi ndiyesa. Cacisanu ndico coopsa. Cavala maonekedwe a zoonedwa ndi maso, cikhalireco wolemba sanaone kanthu. Liu lakuti adani lasankha mbali, ndipo liu lakuti dala laweruza mtima wa munthu umene palibe angauone. Nchito yanu yaikulu ndi kuphunzitsa ana kuzindikira ciganizo ca mtundu wacisanu m'zolemba zao.

11.7 Kaphunzitsidwe

Mutu uwu ufuna maphunziro awiri a mphindi 40 lililonse. Zipangizo ndi mapu a dziko lonse, nkhani yowerenga ndi makadi olembedwa ziganizo.

Phunziro loyamba

Gawo 1. Sonyezani Zambia pamapu, kenaka Iran ndi Iraq. Fotokozani mwacidule za nkhondoyo ndi cifukwa cimene maofisala athu anapitira kumeneko.

Gawo 2. Phunzitsani mau atsopano: malire, pangano, likulu, womasulira, akasinja, nyulu. Liu lililonse likhale m'ciganizo.

Gawo 3. Werengani nkhani mokweza kamodzi, kenaka ana awerenge camumtima.

Gawo 4. Funsani mafunso, kuyambira apafupi kufikira ofuna kuganiza. Mwacitsanzo: Kodi woyang'anira anali kunyamula ciani m'cikwama? Cifukwa ninji sanali kupatuka m'njira? Cifukwa ninji anali kulemba ngakhale tsiku lopanda cacilendo? Kodi munthu wopanda mfuti angaletse bwanji nkhondo?

Gawo 5. Gawani makadi m'magulu. Ana aike khadi lililonse pansi pa mutu wake: Ndinaona, Ndinauzidwa, Ndiganiza.

Phunziro laciwiri

Gawo 1. Tumani ana awiriawiri kukayang'ana malo amodzi a pasukulu kwa mphindi khumi, monga dimba, mpope wa madzi kapena cipata. Alembe nthawi, malo, ciwerengero ca zimene aona, ndi mau amodzi amene auzidwa ndi munthu amene ampeza pamenepo.

Gawo 2. Pobwera, lembani pabolodi mafupa a lipoti: tsiku ndi nthawi, malo, amene anapita, zimene tinaona, zimene tinauzidwa ndi amene anatiuza, maganizo athu.

Gawo 3. Mwana aliyense alembe lipoti lake la ziganizo zosapitirira khumi.

Gawo 4. Awiri amene anayendera limodzi asinthane makope. Pamene malipoti ao asiyana, afunsane kuti, "Kodi unaona, kapena unamva?" Funso limeneli ndilo mtima wa phunziro lonse.

Pocongera, perekani malikisi ambiri pa kulekanitsa magwero a nkhani kusiyana ndi pa kukometsera mau. Lipoti lalifupi loona liposa lalitali lokoma.

11.8 Zoyenera kusamala

Coyamba, musalole kuti phunziro lisanduke nkhani ya mfuti ndi ndege. Anyamata makamaka adzafuna kukokera kumeneko. Abwezeni ku kabuku ndi pensulo. Caciwiri, musaweruze kuti dziko lolakwa linali liti, pakuti mukatero mudzaphwanya mwambo umene mukuphunzitsa. Cacitatu, m'kalasi mwanu mungakhale mwana amene kholo lake lili kutali pa nchito yotere, kapena amene anataya mbale, kapena wothawa nkhondo. Izi zimacitika makamaka m'sukulu za pafupi ndi misasa ya asilikali, monga Gondar ku Chipata ndi Arakan mu Lusaka. Mwana wotere musamkakamize kulankhula. Ngati pafupi pali ofisala wopuma amene anatumikirapo kunja, mungamuitane kudzera kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ana akonzeretu mafunso ao.

11.9 Nchito ya wophunzira uphunzitsi

1. Fotokozani kusiyana kwa mlonda, kazitape ndi mboni m'mau amene mwana wa m'Giredi 6 angamve.
2. Lembaninso ciganizo cacisanu ca m'gawo 11.6 m'njira ziwiri zoyenera lipoti.
3. Tengani nkhani imodzi ya m'nyuzipepala, ndipo lembani mzere pansi pa ziganizo zonse za zakumva. Kodi mwini mau wachulidwa kangati?
4. Fupikitsani nkhani ya m'gawo 11.4 kuti iyenere ana a m'Giredi 5, osataya mfundo yake.
5. Konzani ndondomeko ya phunziro laciwiri, ndipo muliyese pa anzanu musanapite kukaphunzitsa m'sukulu.