Mapemphero a pa Intaneti ndi Udindo wa Mpingo kwa Osungulumwa

1. Kodi mwambo wopempha mapemphero pa intaneti unakula bwanji pakati pathu?

Ngakhale kuti kuyambira kale anthu ankalembera mawayilesi achikhristu kuti awakumbukire pamaso pa Chauta, mwambowu unakula kwenikweni m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa boma la Malawi kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100, ndipo akhristu, posowa kosonkhana, anayamba kutula nkhawa zawo pa WhatsApp ndi Facebook. Mliri unapita, koma chizolowezi chinatsala.

2. Nanga amene amalemba mauthengawa ndani?

Kawirikawiri ndi mayi wamasiye amene ana ake onse ali ku Joni, mnyamata wofuna ntchito m'tauni amene palibe womudziwa dzina, kapena wodwala amene abale anatopa naye. Onsewa akunga munthu uja wa pa thamanda la Betesda, amene anadwala zaka 38, koma Ambuye atamufunsa, chimene anadandaula ndi kusowa munthu womuthandiza kulowa m'madzi. Wolemba pakati pa usiku kuti timupempherere, nthawi zambiri akutiuzanso kuti ali yekha.

3. Kodi pemphero lotumizidwa pa foni lili ndi mphamvu?

Inde, pakuti Iye amene anachiritsa wantchito wa kenturiyo osafika pakhomo pake satchingidwa ndi mtunda. Komabe "Ameni" wolembedwa ndi anthu mazanamazana sangatungire nkhalamba madzi, sangaphikire wodwala phala, ndiponso sangachezere pamaliro. Ndipo makolo athu, podziwa kuti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake, anati kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu.

4. Tsono mpingo wa m'dera uchitepo chiyani?

Usavutike kufuna njira zachilendo, popeza njira uli nazo kale. Akatolika ali ndi miphakati, imene Episkopi Patrick Kalilombe anailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970. A CCAP ali ndi milaga, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano. A Adventist ali ndi amayi a Dorika. Monga atumwi anauza okhulupirira kuti asankhe amuna asanu ndi awiri atamva kuti amasiye ena akuiwalika pa chakudya cha tsiku ndi tsiku, mpingo nawo usankhe anthu okhwima maganizo oti aziwerenga mapempho, kuimbira foni wopemphayo tsiku lomwelo, ndipo iye akalola, kumuyendera awiriawiri sabata isanathe. Ngati ali kutali, amulumikize ndi mpingo wa kumene akukhala.

5. Kodi tichenjere ndi chiyani?

Choyamba, chinsinsi: nkhani ya matenda kapena ya banja, imene munthu waiulula ndi misozi, isasanduke miseche ya pagulu. Chachiwiri, amene amati muyambe mwatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ndipo akupemphererani, akuyenda m'njira ya Simoni wanyanga, amene Petro anamudzudzula poyesa kugula mphatso ya Mulungu. Chachitatu, wodwala, kapena wonena zofuna kudzipha, tisamusiye yekha, koma timupempherere uku tikumuperekeza kuchipatala.

6. Nanga mkhristu wamba, wopanda udindo mumpingo, gawo lake n'lotani?

Akatha kulemba "Ameni", adzifunse kuti pa makomo oyandikana naye ndi khomo liti limene papita nthawi osamvekapo "odi", ndipo apite akaodire, pakuti Yakobo anaphunzitsa kuti kucheza ndi ana amasiye ndi akazi amasiye m'chisautso chawo ndiko kupembedza koyera.