Dzino lomwe silimeranso

Kugombe la Msaka, kufupi ndi Monkey Bay, masiku a mdima ndiwo a ndalama. Nyali za asodzi a usipa zimandandalika panyanja ngati mudzi wachiwiri, ndipo kumtunda anthu sagona msanga. Mlongo wanga amagula usipa n'kumayanika pathandala, choncho usiku wake umathera pamchenga, kudikira maboti.

Mwana wake wa zaka 7, wa sitandade 2, anatengera nthawi ya akuluakulu. Akadya nsima ankathamangira kokaonera kanema, m'manja muli ndalama ya maswiti yomwe amake ankamupatsa kuti asavute. Akabwerako cha m'ma 11 koloko, ankalowa m'neti ndi foni ya amake, ataiyandikiza pamphuno, mpaka tulo kumuba. Kawirikawiri ankagona switi ili m'tsaya. Mswachi ankauona m'mawa mokha, ngati sanachedwe kusukulu.

Aphunzitsi ndiwo anayamba kudandaula kuti mwanayo amasinza m'kalasi, maso ali psuu, akungowatikita. Nditaona kabowo kakuda padzino lake lakumapeto, ndinamuuza mlongo wanga.

"Achimwene, musade nkhawa," anatero. "Maso ndi utsi wa nkhuni. Dzinolo ndi laubwana, liguluka lokha, aponye padenga ngati anzake."

Patapita miyezi, tsaya linatupa ngati wabisamo ndimu. Mwana analira usiku wonse osakhudza ngakhale phala. Kutacha amake anakwera naye matola kupita kuchipatala cha boma ku Mangochi. Wa mano atamuyang'ana m'kamwa anapukusa mutu.

"Mayi, ili si laubwana ayi. Tikazula, silimeranso."

Makolo ambiri amapusitsika pomwepa. Mwana akafika zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano aubwana kumamera mano anayi akuluakulu otafunira. Amamera mwakachetechete, popanda lina kuguluka, ndipo ndi amene adzatafunire mpaka ukalamba. Dzino lomwe anazula tsiku limenelo linali limodzi mwa amenewa.

Linaola usiku. Masana malovu amatsuka m'kamwa ndi kuchepetsa mphamvu ya asidi amene tizilombo timapanga tikadya shuga. Munthu akagona, malovu amachepa kwambiri. Switi, thobwa la shuga kapena Sobo wa pogonera amasiyira tizilomboto phwando mpaka mbandakucha. Mwana wochedwa kugona amamvanso njala kachiwiri, amadya zotsekemera, ndipo amagwa ndi tulo asanagwire mswachi.

Maso nawo amalipira. Woyang'anitsitsa foni amaphethira mwa apo ndi apo, choncho maso amauma ndi kuyabwa, ndipo kuwala kwa foniyo kumachedwetsa tulo. Kuzolowera kuyang'ana zapafupi nthawi yaitali, osasewera panja mokwanira, kumawonjezera mwayi woti mwana azivutika kuona zapatali, monga zolemba pabolodi. Kutikita maso ndi manja amchenga ndi njira inanso yolowetsera matenda. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, nthenda ya maso yomwe inkachititsa anthu khungu, ndipo kusukusula kumaso kwa ana kunali pakati pa zida zomwe zinathandiza. Chizolowezi chimenecho si chotaya.

Tisadalirenso kuti chipatala chikonza zonse. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 m'dziko muno, kusukulu yomwe lero ndi Kamuzu University of Health Sciences. Madokotala a mano akadali ochepa, ndipo mwana wofika tsaya litatupa kale nthawi zambiri amabwerako dzino lili m'manja.

Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere, imufotere yekha. Pa nkhani ya mano mwambiwu sugwira, chifukwa phunziro limafika dzino litapita. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Wodzuka 6 koloko m'mawa akhale atagona pofika 9 koloko, atatsuka mano ndi mankhwala okhala ndi fuloraidi, atasukusula, foni ili kwa mwini wake. Akatsuka, m'kamwa musalowenso china koma madzi.

Mlongo wanga amadikirabe maboti, poti usipa ndiwo umalipira yunifolomu. Koma masiku ano amayamba wasiya mwana kwa agogo ake, atamugoneka m'neti. Mnyamatayo sasinzanso m'kalasi. Akamatafuna chimanga chokazinga, amatafunira mbali imodzi.