Katoledwe ndi Kazindikiridwe ka Tinyongolotsi ta M'matope a Mtsinje wa Lundazi

Ophunzira sayansi akapita ku mtsinje wa Lundazi kukatola tizilombo ta m'matope, ambiri amabwerako ndi botolo la tinthu tofota, topiringizika, tina toduka pakati. Akafika pa maikulosikopu amayamba kudandaula kuti makinawo ndi akale. Makina alibe mlandu. Nyongolotsi ya m'madzi imadziwika mtundu wake thupi likakhala lotambasuka ndi lathunthu, ndipo thupilo anthu amaliwononga okha pa mphindi imene aiponya yamoyo m'spiriti.

Zokonzekera n'zochepa. Pitani m'chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, madzi ataphwera, ndipo funani pamene madzi akuyenda pang'onopang'ono ndi matope akuda, monga m'mphepete mwa damu la pafupi ndi Castle Hotel pa Boma kapena pomwera ng'ombe. Valani majombo, chifukwa madzi odekha okhala ndi nkhono ndiwo amafalitsa likodzo. Tapani matope a pamwamba okha, kuya kwa masentimita 5 kapena kucheperapo. Neti ya udzudzu isiyeni: maso ake ndi aakulu, tinyongolotsi timangodutsa. Pamafunika nsalu ya maso osapitirira theka la milimita, ndipo sefayo muziigwedeza ili m'madzi, osaithira madzi mwamphamvu kuchokera pamwamba. Pamafunikanso beseni loyera, kabotolo kodonthezera, singano ndi spiriti wosapaka mtundu wa ku famasi.

Zotsala m'sefa zithireni m'beseni ndi madzi oyera pang'ono a mumtsinje womwewo, muike pamthunzi, mudikire. Matope akakhazikika zamoyo zimadzionetsa zokha, ndipo apa muyambe kupatula. Kofiira kokhala ndi mutu wolimba ndi timiyendo tating'ono kutsogolo ndi kumbuyo si nyongolotsi ayi, ndi mphutsi ya Chironomus, imene ikakula imauluka. Koyera kosalala, kopanda mphete, komangodzipinda uku ndi uku osapita patali, ndi ka gulu la Nematoda. Msundu uli ndi choyamwira kumutu ndi kumchira. Zimene tikufuna, za gulu la Oligochaeta, zili ndi mphete thupi lonse ndipo zimayenda modzitambasula ndi kudzifupikitsa. Zina zimazika mutu m'matope n'kumagwedeza mchira m'madzi kuti zipeze mpweya, ndipo n'zofiira chifukwa magazi awo amagwira mpweya ngakhale pamene uli wochepa kwambiri.

Tsopano pamene pamalakwika. Musaike nyongolotsi yamoyo m'spiriti wamphamvu. Thupi lake lilibe chigoba chilichonse, ndi minofu yokhayokha yozinga madzi, ndipo spiriti akaikhudza minofu yonse imakokana nthawi imodzi. Mutu umalowa m'kati, mphete zimapanikizana moti simungaziwerenge, zoonda zimaduka, ndipo tiziphuphu topumira ta kumchira, tomwe mitundu ina ili nato, timafota osaonekanso. Zikauma motero sizitambasukanso, ngakhale muziviike m'madzi sabata yonse. Choyenera ndi kuigoneka kaye. Ikani nyongolotsi zochepa m'kambale ka madzi oyera, mudonthezemo spiriti dontho limodzi cha m'mphepete, kutali ndi pamene zili, mudikire mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako dontho lina. Mukaona zikuphiriphitha, mwafulumira, onjezani madzi. Madzi a soda osatsekemera amagwiranso ntchitoyi, chifukwa mpweya wake umaziledzeretsa. Pakatha mphindi 15 kapena 20 zimagona zotambasuka. Zikhudzeni ndi nsonga ya singano, ndipo ikangodzikoka ngakhale pang'ono, sinagone, dikiraninso. Anthu ambiri amalephera pa kudikira komweku: amadontheza kawiri, amatopa, n'kukhuthulira botolo lonse.

Zikaleka kuyenda, ziwongoleni ndi singano ndipo muzisamutsire m'spiriti wa 70 peresenti, kutanthauza magawo atatu a spiriti wamphamvu pa gawo limodzi la madzi. Mawa lake sinthani spiritiyo, popeza madzi a m'matupi awo amamuchepetsa mphamvu. Spiriti wapepo wa m'magolosale amapaka thupi mtundu n'kubisa za m'kati. Kachasu angathandize pogoneka, koma osasungiramo, chifukwa palibe amene amadziwa mphamvu yake. Kapepala ka malo ndi tsiku kalembedwe ndi pensulo ndipo kalowe m'botolo momwemo, inki imasungunuka.

Ena amati zonsezi n'kutaya nthawi, poti njira yoyezera ukhondo wa mitsinje ya SASS5, imene Dickens ndi Graham anafalitsa mu 2002 ndipo ya kuno ku Zambia yotchedwa ZISS inatengera, imapatsa Oligochaeta yense malikisi 1 okha pa 15 mosasamala mtundu. N'zoona, ndipo ngati mukungofuna nambala ya pa fomu, ponyani m'spiriti mupite kwanu. Koma malikisi amodziwo amaphatikiza zamoyo zosiyana khalidwe: matope odzaza ndi nyongolotsi za mtundu wa Limnodrilus zokhazokha akunena za ndowe ndi zonyansa zochuluka, pamene tinyongolotsi tochepa ta mitundu ingapo pakati pa zomera za m'madzi sitikunena zimenezo. Ena amati masiku ano DNA ndiyo imazindikira zonse. Imathandizadi, koma pamafunika spiriti wa 95 peresenti, labotale ya kutali ndi ndalama, ndipo zotsatira zake zimayerekezedwa ndi zinyama zimene munthu wina anayamba wazizindikira ndi maso. Amene amalangiza fomalini akunena zoona kuti amaumitsa thupi bwino, koma ndi poizoni wosayenera m'kalasi, amawononga DNA, ndipo nyongolotsi yosagonekedwa imakokana mwa iyenso.

Pa maikulosikopu, goneketsani nyongolotsi cham'mbali m'dontho la gilisalini, muvundikire ndi kagalasi popanda kukanikiza. Chofunika ndi tiubweya tolimba timene timamera m'timitolo tinayi pa mphete iliyonse, tiwiri kumsana ndi tiwiri kumimba. Mphete yoyamba, ya pakamwa, ilibe tiubweya, choncho pamene mwaona mtolo woyamba wa kumimba ndi pa mphete yachiwiri, ndipo muwerenge kuchokera pamenepo. Ichi n'chifukwa chake mutu wolowa m'kati umasokoneza zonse. Tubifex tubifex, amene O. F. Müller anamufotokoza mu 1774, ali ndi tiubweya tatitali ngati tsitsi kumsana. Limnodrilus alibe tatitalito, tonse n'tatifupi ta nsonga ziwiri. Branchiura sowerbyi savuta: ndi wamkulu ndipo ali ndi tiziphuphu topumira tondandalikana kumchira. Beddard anamupeza mu 1892 m'thanki ya maluwa a m'madzi ku London, ndipo lero akupezeka m'maiko ambiri otentha. Dero ali ndi topumira pa nsonga yeniyeni ya mchira, ndipo ameneyu ndi Nais tiubweya tawo ta kumsana timayamba cha pa mphete yachisanu ndi chimodzi, pamene Pristina timayamba pa yachiwiri. Tinyongolotsi ting'onoting'ono ta mitundu itatuyi timaberekana podzigawa, motero mukaona kamodzi kokhala ngati tiwiri tolumikizana musaganize kuti kavulala. Ngati n'kotheka tioneni tisanafe, topumira tikugwedezeka.

Buku lakale likakuuzani za mabanja awiri, Tubificidae ndi Naididae, dziwani kuti kafukufuku wa DNA anasonyeza kuti ndi banja limodzi, ndipo Erséus ndi anzake mu 2008 analemba kuti dzina lotsala ndi Naididae. Pomaliza, zambiri zimene mudzatole zidzakhala zosakhwima. Kuti mufike pa dzina lenileni la Limnodrilus pamafunika yaikulu yokhala ndi lamba wotupa cha pa mphete ya 11, pamene pali ziwalo zoberekera. Ikakhala ilibe lambayo, lembani kuti "Naididae yosakhwima, yopanda tiubweya tatitali", musunge botolo, mukatapenso pamalo omwewo mwezi wotsatira.