Mwala wowala usakutsekeni maso

Ana anga a ku Lundazi, mverani. Nthaka yathu ili ndi miyala yamtengo wapatali, aquamarine ndi tourmaline, ndipo ogula amachokera kutali kudzaifuna. Zimenezi n'zoona. Bodza limabadwira m'mutu mwa wokumba.

Ine ndinakumbako. Mvula itagwa ndinasiya munda wa nshawa ndi thonje, ndinagulitsa ng'ombe yolimira kuti ndigule zakudya za anyamata okumba. Mwala uliwonse wonyezimira ndinkauona ngati nyumba yamalata. Ogula akanena kuti ndi wong'aluka, ndinkati akundibera. Mkazi wanga akandichenjeza, ndinkati alibe masomphenya. Palibe anandinamiza, ana anga. Ndinadzinamiza ndekha. Nkhokwe inakhala yopanda kanthu, ana anagona ndi njala mwezi wa February, ndipo mwana wanga woyamba analeka sukulu osabwereranso. Mpaka lero akandipatsa moni, mtima umandipweteka.

Zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, mphunzitsi Siddhartha Gautama, wobadwira ku Lumbini m'dziko la Nepal, amene anthu amamutcha Buddha, anaphunzitsa kuti zoipa zili ndi mizu itatu: dyera, chidani ndi kusokonezeka maganizo. Abuda a ku Tibet amajambula mizuyi ngati tambala, njoka ndi nkhumba zikulumana michira. Nkhumbayo ndiyo kusokonezeka. Munthu amene maganizo ake aphimbika saona dyera lake, saonanso chidani chake. Mankhwala a kusokonezekaku amawatcha amoha: mtima woona zinthu monga zilili, wodziwa kuti chochita chilichonse chimabala chipatso chake, ndi kuti chilichonse chimasintha. Abuda amati khalidwe limeneli munthu amachita kulilima, tsiku ndi tsiku, pokhala chete ndi kuyang'anitsitsa zimene zikuyenda mumtima mwake.

Sindikukuuzani kuti musiye tchalitchi kapena mzikiti wanu. Makolo athu ankadziwanso zomwezi: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lero migodi ina ili m'manja mwanu, pa foni. Kubetcha mpira. Magulu olonjeza kuti ndalama zanu zichuluka kawiri pa mlungu. Mumakumbukira tsiku limene munawina, masiku onse otaya mwaiwala. Ndikukuuzani, kumeneko ndiko kusokonezeka.

Dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtima ukayamba kuthamanga, musatulutse ndalama tsiku lomwelo. Gonani kaye. Lembani m'kope zonse zimene mwalowetsa ndi zonse zimene mwatulutsa, osabisa ngakhale ngwee imodzi, kenako muwerenge mokweza pamaso pa munthu amene sakuopani. Funsani amene anataya, osati amene anapeza yekha. Ndipo munthu akakuuzani mawu okupwetekani, musathamangire kumutcha wansanje.

Mukafuna kukumba, kumbani ndi chilolezo, m'chilimwe, chimanga chili kale m'nkhokwe. Ng'ombe yolimira isagulitsidwe.