PHUNZIRO: YESU ADZABWERA KUDZAWERUZA

Kowerenga: Mateyu 25:31-46
Vesi loloweza: 2 Akorinto 5:10
Cholinga: Ana adziwe kuti Woweruza wa tsiku lomaliza ndiye Yesu amene anawafera, ndi kuti Iye apenya zimene tichitira anthu ovutika lero lino.

MAU KWA MPHUNZITSI

Mphunzitsi wokondedwa, phunziro ili ndi lolemera, ndipo aphunzitsi ambiri alakwa nalo m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndiyo kuopseza ana ndi moto. Pa zaka zimene ndinagwira choko ku pulaimale ndinaona kuti mwana woopa chikwapu aloweza msanga, koma aiwalanso msanga. Chilango chosatha chilipo ndithu, musachibise, pakuti Ambuye achitchula pa vesi 46. Koma Katekisma wa Heidelberg wa chaka cha 1563, pofika pa nkhani iyi, afunsa za chitonthozo chimene tipezamo. Chitonthozocho ndi ichi: wokhala pa mpando woweruzira ndi yemweyo amene anasenza mlandu wathu pamtanda.

Njira yachiwiri ndiyo kuwerengera masiku. M'zaka za 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana anabatiza anthu oposa 9,000 kudera la Nkhata Bay, nalalikira kuti ufumu wa Khristu udzafika mu 1914 ndi kuti msonkho udzatha. Chakacho chinafika, koma chimene chinadza ndi nkhondo yaikulu, ndipo msonkho sunathe. Mwana akakufunsani za tsikulo, muwerengereni Mateyu 24:36, pamene Ambuye atiuza kuti ngakhale angelo salidziwa.

KAPHUNZITSIDWE

1. Kulekanitsa. Yambani ndi chimene ana achidziwa. Funsani anyamata oweta ziweto ku Golomoti kapena ku Mtakataka: Kodi mbuzi ndi nkhosa zikadyera dambo limodzi usana wonse, mbusa avutika kuzizindikira madzulo? Adzati iai. Momwemonso okhulupirira ndi osakhulupirira agula pa msika umodzi, natunga pa chitsime chimodzi, koma Mbusa adziwa zake. Kulekanitsako ndi ntchito yake, si yathu ai. Musalole ana kutchula maina a anthu a m'mudzi kuti uje ndi mbuzi.

2. Bwalo. Ana anaonapo mlandu pa bwalo la mfumu ya mudzi, ndipo adziwa kuti ukakanika upita kwa gulupu, mpaka kwa Mfumu Yaikulu Kachindamoto. Pa mabwalo a anthu mboni ikhoza kunama, ndipo wogonja akhoza kukasuma pena. Pa bwalo la Khristu sipadzafunika mboni, pakuti Iye anaona zonse, ndipo palibe bwalo lina loposa pamenepo.

3. Mlandu wake. Ana awerenge mavesi 35 ndi 36, ndipo atchule okha anthu asanu ndi mmodzi amene alembedwamo: wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende. Taonani kuti a kudzanja lamanzere sanatsutsidwe chifukwa cha kupha kapena kuba, koma chifukwa cha zabwino zimene sanachite. Agogo a anawa akumbukira njala ya 2002, ena ndi ya 1949 yomwe. Iwo adziwa kulemera kwa mbale imodzi ya ufa. Ku Mua, kumene a mpingo wa Katolika anayamba ntchito mu 1902, odwala khate anasamalidwa zaka zambiri pamene anthu ena anali kuwathawa. Ntchito zotere Mfumu iziwerengera monga zochitira Iyo mwini.

4. Chisomo. Apa chenjerani, kuti mwana angapite kwao ndi maganizo akuti kumwamba kugulidwa ndi ntchito zabwino. Olungama aja anadabwa, pakuti sanali kuwerengera zimene anachita. Ufumu anaulandira monga cholowa, ndipo cholowa sichigulidwa (Aefeso 2:8-10). Mtengo wa mango sukhala mango chifukwa wabala zipatso. Ubala zipatsozo chifukwa uli mango kale.

MAFUNSO

1. Ndani adzakhala Woweruza pa tsiku lomaliza?
2. Kodi alipo munthu wodziwa tsikulo?
3. A kumanzere analakwa chiani?
4. Ndani m'mudzi mwanu amene mungamtungire madzi kapena kumtolera nkhuni sabata ino?

Funso lachinai musalisiye m'kalasi. Panganani ndi ana za nkhalamba kapena wodwala mmodzi, mudziwitse mkulu wa mpingo wa dera lanu, ndipo mupite nao pamodzi Sabata lamawa lisanafike. Kumbukirani kuti ife aphunzitsi tidzaweruzidwa koposa ena (Yakobo 3:1).

PEMPHERO

Ambuye Yesu, Woweruza ndi Mpulumutsi wathu, tsegulani maso athu kuti tikuzindikireni mwa anjala ndi odwala, kuti pobwera Inu mudzatipeze tili m'khola lanu. Amen.