Phunziro: Chingerezi cha Tsiku ndi Tsiku

Amayi anzathu, ambirife Chingerezi timachimva, koma poyankhula lilime limalemera ndi manyazi. Tiyeni tiyambire pa zapakhomo.

Malonje: M'mawa timati "Good morning", masana "Good afternoon", madzulo "Good evening". Tisamale, "Good night" si moni ayi, ndi mawu otsanzikana pokagona. Chingerezi chilibe "inu" waulemu. Mwana ndi gogo onse ndi "you". Ulemu wake uli pa "please" ndi "thank you".

Zakudya: Mchere ndi "salt", mafuta ophikira "cooking oil", nyemba "beans", nsomba "fish", chakudya "food" kapena "meal".

Izitu si zocheza. Ife amene tinagwirapo unamwino tinaona odwala akuvutika m'mimba atamwa mankhwala osadya kanthu, chifukwa zolembedwa pabotolo sanazimve. "Before meals" ndiye kuti musanadye, "after meals" mutadya, "twice a day" kawiri pa tsiku.

Zochita: Tikhale awiriawiri, wina wogulitsa, wina wogula, tipatsane moni ndi kugulana m'Chingerezi. Msonkhano wamawa aliyense abweretse kabokosi ka mankhwala kopanda kanthu tidzawerengere limodzi. Wolakwitsa tisamuseke, ndipo tizifunsa. Paja safunsa anadya phula.